Njinga ya Mackford Yoima pa Mkuyu

Mackford Mhone anabwerako ku Bulawayo m'chaka cha 1954, ndipo amene anali padoko la Nkhata Bay tsiku limenelo sanasowe chokamba kwa mwezi wathunthu. Anzake ochokera kunja ankatsika sitima ya Ilala ndi masutikesi ndi mabulangete, wina galamafoni pamutu. Iye ayi. Anaima m'boti lotsitsa anthu atavala suti yoyera, dzanja lili pa chinthu chokutidwa ndi masaka. Atafika pamchenga n'kumasula zingwe, anthu anangoti haa! Njinga yamoto. Inali yakale ndithu, mzungu amene anamugulitsa anayamba kuikwera nkhondo isanabuke, koma mthuthuthu ndi mthuthuthu basi.

Mwamunayu anabadwira ku Mwaya, kumene mwana amadziwa kupalasa bwato asanadziwe kumanga kabudula. Koma iye nyanja sinamukonde, nayenso sanaikonde. Akakwera bwato ankasanza mpaka anzake kumubweza kumtunda. Sukulu ya mishoni anaisiyira Sitandade 3, ndipo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ananyamuka wapansi ndi amalume ake kupita ku Rhodesia, monga ankachitira anyamata ambiri a kuno. Ku Bulawayo anapeza ntchito pagalaja ina. Zaka zitatu zoyamba ankasesa ndi kutsuka zitsulo m'palafini. Kenako anayamba kupatsira masipanala, kenako kumasula yekha, mpaka kufika poti galimoto ikamalowa pageti iye ankadziwa matenda ake pongomva kulira. Kumudzi anabwera kawiri kokha, ulendo woyamba kudzakwatira Dolly wa kwa a Longwe, wachiwiri kudzaona mwana wawo woyamba.

Atabwereratu anamanga kashedi ka malata pafupi ndi msika, n'kulemba ndi penti pathabwa kuti M. MHONE, MAKANIKO. Magalimoto anali ochepa, ndiye ankakonza chilichonse chokhala ndi nati: njinga zakapalasa, mapulayimasi, makina osokera, nyali zopopa, nthawi zina injini ya chigayo. Ndipo ankakonzadi. Koma tinene zoona, munthuyu analinso ndi kamatama. Sipanala iliyonse inali ndi msomali wake, ovolosi ankachapitsa kawiri pasabata, ndipo ukamubweretsera pulayimasi ankayamba wakufotokozera mmene ankachitira ku Bulawayo, iwe kunyumba ana akudikira tiyi. Anthu ankapirira poti chinthu chikachoka m'manja mwake sichinkabwereranso. Ukonde analibe, munda wake unali wongoseketsa. Chimene chinkadyetsa banja lake chinali dzina, kuti anthu akati "pita nacho kwa Ada Mhone," nkhani yathera pomwepo.

Ndiye m'dzinja la chaka chotsatira, njinga yake yomwe, ya iye makaniko, inayamba zachibwana. Kunyumba inkalira ndi kiki imodzi yokha. Inkadutsa pamsika monyadira, n'kuyamba kukwera chitunda cha msewu wa ku Mzuzu. Ikayenda mamailo ngati awiri, pamene panali mkuyu waukulu m'mbali mwa msewu, inkatsokomola kawiri, kugwedezeka, n'kungoti zii. Mackford ankatsika n'kuponda kiki mpaka thukuta kamukamu, koma osalira. Ankamasula pulagi, kuiyang'ana, ili bwinobwino. Pomaliza ankatsegula chivindikiro cha thanki kuti aone ngati petulo watha. Petulo ali tho! Akatseka n'kupondanso kiki, njinga ija inkalira ngati sinalakwepo kanthu. Ikayendanso mamailo ena awiri, yazimanso.

Palibe chimene sanayese. Anaitanitsa pulagi yatsopano ku Limbe, n'kuidikira masabata atatu kuti ibwere pasitima. Anaiika, n'kunyamuka, n'kukaima pa mkuyu. Anati ndi kabuleta, n'kuimasula yonse, tizitsulo take n'kutiyala pansalu yoyera yapatebulo imene Dolly ankaisungira alendo, ndipo nkhani ya nsaluyo tisaiyambe. Anauzira paipi ya petulo ndi pakamwa mpaka kumezako, tsiku lonse akugeya fungo la galaja. Anaganiza kuti mwina petulo ali ndi madzi, poti ankamugula m'madiramu ogona pamvula, ndiye anamusefa yense pa chipewa chake chabwino cha ku Bulawayo, chipewa n'kutha ntchito. Anatsegula magineto, kupala mapointi, kusintha waya. Choipa chake, matendawa sankabwera njinga ili pashedi. Pamenepo inkalira mokoma mpaka odutsa kuima. Inkadikira kuti afike pamene pali anthu.

Ndipo anthu analipodi. Mayi wina wogulitsa nthochi ataona kuti njingayo imaima malo omwewo, anasamutsa dengu lake kuchoka pamsika n'kukakhala pansi pa mkuyu. Sanalakwitse. Amene ankatsika kuchokera kumapiri ankapumira pamenepo kudikira kuti aone, ndipo podikira ankagula nthochi. Mthuthuthu ukamveka kumunsi, onse ankatembenuka. Ukatsokomola koyamba wina ankati, "Uyo wafika," ukazima onse n'kuwomba m'manja. Ena ankati njingayo inazolowera mzungu, imafuna mwini wake atsike aivulire chipewa kaye. Ena ankati mumtengomo muli eni ake amene sakondwa ndi phokoso. Mkulu wina wa mpingo anachita kubwera kunyumba kudzafunsa mwaulemu ngati njingayo inagulidwa mwachilungamo.

Zonsezi Mackford akanaziseka nawo, akanapanda kukhalapo Wilson Kamanga. Wilson nayenso anakhalapo ku Bulawayo, ankaperekera mbale muhotela, ndipo chibwerereni ntchito yake inali kukhala pabenchi ya telala pamsika, nsapato zopukuta, kumauza anthu mmene dziko likuyendera.

"Ine musandiuze za Mackford," ankatero Wilson. "Ndinkadutsa pagalaja pawo m'mawa uliwonse. Chimene ndinkaona m'manja mwake ndi tsache. Sipanala wadzaidziwira konkuno, pa mapulayimasi anuwa."

Bodza likakhala ndi kachoonadi mkati limapweteka kwambiri, ndipo tsachelo Mackford analigwiradi zaka zitatu. Mawuwo anayenda. Mphunzitsi wina anatumiza makina ake osokera ku Chintheche, kudutsa pashedi pa Mackford akuyang'ana kumbali. Mwini chigayo, injini yake itafa, anaitanitsa munthu wa ku Mzuzu. Mackford ankakhala pashedi tsiku lonse akupukuta masipanala oyera kale, mtima ukuwawa, ndipo kunyumba anasiya kutchula Bulawayo.

Tsiku lina Loweruka m'mawa Dolly anamanga chitenje molimba n'kuima pafupi ndi njinga.

"A Mhone, lero ndikwera nawo. Nsalu yanga inapita, chipewa chinapita. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga chimene chikutha katundu m'nyumba muno."

"AnyaLongwe, izi ndi za injini. Mukaonako chiyani inu?"

"Ndikaona mkuyu wotchukawo."

Anakwera cham'mbali, n'kunyamuka. Pa mkuyu njinga sinaphonye. Inatsokomola, n'kuzima, ndipo mayi wa nthochi analonjera Dolly ngati mlendo amene wakhala akuyembekezeka. Mackford anachita zake zija, kiki, pulagi, kiki. Kenako anagwira chivindikiro cha thanki n'kupotokola.

"Imani!" anatero Dolly. "Mwamva?"

"Chiyani?"

"Yapuma. Mutatsegula yati fyuu."

Mackford anali atamva kamawu kameneko kosawerengeka, koma nthawi zonse mutu wake unali ku magineto.

"A Mhone, chitini cha palafini ndimaboola pawiri," anatero Dolly motsitsa mawu kuti anthu asamve. "Ndikaboola pamodzi, palafini amatuluka pang'ono n'kuima. Kodi thanki yanuyi mpweya umalowera pati?"

Mackford anangoti kukamwa yasa. Zimenezi ankazidziwa! Mwana aliyense wa pagalaja amazidziwa. Pa chivindikiro pamakhala kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano, kolowetsa mpweya petulo akamatsika. Kakatsekeka, petulo amatsika pang'ono n'kukana, injini n'kufa ndi ludzu thanki ili yodzaza. Ukatsegula chivindikiro mpweya umalowa, n'kuyambanso kuyenda. Anatembenuza chivindikirocho padzuwa. Kabowo panalibe, panali posalala ngati sipanakhalepo kanthu. Anapempha pini ya Dolly n'kuyamba kukanda pakati, ndipo panatuluka kanthu kakuda, kofewa. Ananunkhiza. Linali phula, lija amamatira mabwato, lolowetsedwa mwaluso n'kulisalaza mpaka kufanana ndi chitsulo.

Mwamuna ndi mkazi anayang'anana. Ku Mwaya konse munthu womata bowo mwaudongo chotero anali mmodzi yekha.

"Ada," anatero Dolly, atagwira pakamwa. Ankanena bambo ake omubala.

A Simon Longwe, apongozi a Mackford, anali atasema ndi kumata mabwato zaka makumi asanu. Tsopano maso anali atachita ng'ala, panyanja anasiya kupita, ndipo zinthu ankaziona ndi zala. Nyumba yawo inali kuseri kwa ya Mackford, ndipo njinga inkagona pakhonde. Kwa munthu wa mabwato bowo labwino kulibe. Ukalipeza umalimata lisanakumize, sufunsa kuti analiika ndani.

Tsiku limenelo njinga inakwera chitunda chonse osatsokomola, Dolly akuimba nyimbo za kwaya kumbuyo. Koma patangopita masiku anayi, Mackford anapezekanso ataima pa mkuyu. Atayang'ana chivindikiro, phula labwereramo, latsopano, losalala kuposa loyamba.

Apa ndiye panali povuta. Mwina kwanu mkamwini amatha kupita kwa apongozi ake n'kunena kuti "bambo, mwalakwitsa." Kuno ayi. Mackford chikwatirireni anali asanadyepo mbale imodzi ndi a Longwe. Akakumana panjira ankapatuka n'kunjuta, chipewa kumanja, ndipo nkhani iliyonse pakati pawo inkadutsa mwa munthu wina. Dolly ndiye anapita kukafufuza mochenjera, atanyamula tiyi, ndipo anabwerako maso ali ofiira, osadziwika ngati walira kapena waseka.

"Akuti analipeza mvula itangoyamba, akupapasa njinga m'mawa. Akuti, 'Mwamuna wako ndi wanzeru koma ndi wakumtunda, sadziwa madzi. Mvula ya kuno ikanalowa monse.' Akuti phula loyamba linagwa lokha, ndiye amatanso. Andiuza kuti ndisakuuzeni, mungachite manyazi kuti nkhalamba yosaona yapeza chimene inu simunachione." Dolly anakhala pansi. "A Mhone, chisiyireni nyanja sindinawaone akusangalala chonchi."

Mackford anatenga chivindikiro chija n'kuchiyang'ana. Kunena zoona, mtima wina unkamuuza kuti athamangire pamsika, chivindikiro m'manja, akaonetse Wilson ndi onse kuti vuto silinali la umakaniko. Dzina lake likanabwerera tsiku lomwelo. Koma mawa lake Mwaya yense akanakhala akuseka a Longwe, ndipo iwo akanadziwa kuti ndi iwo amene anachotsa chakudya pakamwa pa zidzukulu zawo. Anawamvera chisoni, ndiponso ankawakonda, ngakhale anali asanawauzepo.

Ndiye anachita zaumakaniko. Anatengera chivindikiro kushedi, n'kusankha kachitsulo koboolera kakang'ono kuposa tonse. Phula la apongozi analisiya momwemo. Anaboola kabowo kena m'mbali, kunsi kwa mkombero, kopendekera pansi kuti mvula isalowe, pamalo poti ngakhale wamaso awiri sangakaone. Kuyambira tsiku limenelo njinga inayenda ngati yatsopano. Mayi wa nthochi anadikira sabata yathunthu, kenako anabweza dengu lake kumsika akudandaula kuti anthu ena saganizira malonda a anzawo.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Ayi ndithu. A Longwe atamva kuti njinga yachira, chinsinsi chinawakanika. Anauza anzawo osoka maukonde pagombe kuti phula loyamba linali lochepa, lachiwiri ndilo lagwira. Pofika madzulo nkhani inali pabenchi ya telala.

"Mwamva?" anatero Wilson, akuseka mpaka kugwira m'mimba. "Makaniko wa ku Bulawayo wakonzeredwa njinga ndi nkhalamba yosaona! Ndi phula! Bwanji osangopereka shediyo kwa apongozi?"

Anthu anabwera kudzamufunsa Mackford ngati zinali zoona. Iye ankangoti, "Apongozi anga ali ndi manja abwino." Mawuwo ankatuluka ngati akumeza munga wa nsomba. Dolly anakwiya mpaka kufuna kupita yekha pamsika, koma mwamuna wake anamuletsa. Masabata awiri anadutsa, ndipo pashedi panangobwera nyali imodzi yothyoka chogwirira.

Lachitatu lina m'mawa, msika uli pakati, Mackford anaona anthu akupatuka. Anali a Longwe, atavala jekete la kutchalitchi, ndodo kutsogolo, Dolly akuwatsatira kumbuyo nkhope ili pansi. Mackford anadzuka msangamsanga, kuvula kapusi, n'kukanjuta pakona ya shedi. Mkuluyo anakhala pa diramu, atafulatira mkamwini wake monga mwa ulemu, n'kufunsa mokweza ngati mwana wa a Kamanga ali pafupi.

Wilson anabwera akumwetulira, poganiza kuti kuli zoseketsa zina.

"A Kamanga, ndili ndi mawu kwa apongozi anga awa, ndipo sindingawalankhule ndekha. Inu pakamwa panu m'pomveka patali. Mundiperekere."

Pamaso pa anthu onsewo, munthu wamkulu atakupempha kukhala mkhalapakati, ungakane bwanji? Wilson anaima pakati pawo.

"Muwauze kuti dzulo ndinapeza kabowo kawo."

Wilson anatembenuka. "Akuti apeza kabowo kanu."

"Mokweza, a Kamanga. Ine makutu ndi abwino koma sindinamve."

Wilson anabwereza mokweza, ndipo ogulitsa usipa anasiya malonda n'kuyandikira.

"Muwauze kuti bowo lobwera lokha ndimalidziwa, ndipo bowo loboola munthu ndimalidziwanso. Ili n'loboola munthu, ndiponso munthu wodziwa. Ndinapanikiza mwana wangayu mpaka wandiuza zonse." A Longwe anatembenuzira nkhope kwa anthu. "Inu nonse tamverani. Njinga ija inkafa chifukwa cha ine. Chitsulo chija chimapuma, ine n'kuchitseka mphuno ndi phula, kawiri konse, ndikuyesa ndikuthandiza. Munthu uyu anadziwa. Akanatha kundiyalutsa pamsika pano tsiku lomwelo. M'malo mwake phula langa analisiya, n'kuboola pena mobisa, n'kulola kuti inu muzimuseka. Zaka makumi asanu palibe bowo linandibisalira tsiku limodzi. Ili landitengera masabata awiri." Anagogoda ndodo pansi. "A Kamanga, perekani."

"Zonsezo?" anafunsa Wilson, mawu atachepa.

"Mwafupikitsa, muwauze kuti ndi makaniko."

Wilson anayang'ana kumanzere, kumanja, koma kothawira kunalibe.

"Akuti ndinu makaniko."

"Sindinamve."

"Akuti ndinu makaniko!"

Msika wonse unaphulika ndi kuseka, amayi n'kuyamba nthungululu. Nayenso Wilson, poona kuti zamuthera, anaseka nawo n'kuvula chipewa. Mackford ali chinjutire pakona paja anafuna kuyankha mwaulemu, koma misozi inkangotsika yokha. Anali wokondwa ndipo analibe nazo manyazi. Chimene anakwanitsa kunena ndi "Yewo, ada," ndipo mawu amenewo sanadutse mwa Wilson.

A Longwe anadikira kuti phokoso lithe.

"Chatsala chimodzi, a Kamanga. Muwauze kuti mlongo wanga ali ku Chintheche, ndipo papita zaka zisanu ndi zinayi ndisanamve mawu ake. Bwato sindingathenso, miyendo nayo yakana. Muwafunse ngati chinthu chawocho chimanyamula nkhalamba."

Ananyamuka m'mawa mwake, mkuluyo atakhala kumbuyo mowongoka ngati ali pabenchi ya kutchalitchi, thumba la usipa wouma pamiyendo. Anafika ku Chintheche dzuwa lisanafike pamutu. Panjira anaima kamodzi kokha, pamene chipewa cha a Longwe chinauluka.